Kope la Mbalame za Pakhomo Pathu ku Likhubula

Pa 1 Januwale chaka chilichonse timatsegula tsamba latsopano m'kope lathu la mbalame. Ndi kope wamba la ana asukulu, ndipo limakhala pazenera la kukhitchini pamodzi ndi pensulo yomangirira kachingwe. Lamulo lake ndi limodzi: mbalame imalembedwa pokhapokha ngati taiona kapena taimva tili mkati mwa mpanda wathu. Ya kumsika wa Chitakale kapena ya m'minda ya tiyi silowa, ngakhale ikongole chotani.

Nyumba yathu ili kufupi ndi Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Tikaima pakhonde timayang'anizana ndi thanthwe la Chambe. Alendo amadutsa pano ndi zikwama kumsana, ena akulinga ku Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002. Ife ulendo wathu ndi waufupi: kuchoka pakhonde kukafika pa mkuyu umene uli kumapeto kwa dimba.

Woyamba kulembedwa nthawi zonse ndi pumbwa, chifukwa kukangocha amakhala ali kale pa papaya. Dzuwa lisanakwere timakhala talembanso njiwa, mpheta, khwangwala ndi nthengu. Kuchokera pamenepo mndandanda umayenda pang'onopang'ono. Masana a Sabata, ntchito zonse zitaima, ndi pamene timapeza mayina ambiri atsopano, poti mbalame zimayandikira munthu amene wakhala phee. Agogo aakazi ndiwo amaweruza milandu ya mayina. Ena amawadziwa m'Chichewa, ena m'Chilomwe, ndipo mbalame ikawasowetsa dzina timangolemba maonekedwe ake ndi kaliridwe kake.

Patapita zaka zingapo tinazindikira kuti kopeli ndi kalendala. Cha mu Ogasiti kabawi amayamba kuzungulira pamwamba pa khola, ndipo timadziwa kuti anapiye ayenera kutsekeredwa. Mvula ikamayandikira, mu Okutobala ndi Novembala, pamawaya a magetsi pamadzaza anamzeze. Ena ndi a konkuno, koma ambiri mwa iwo amaswera ku Ulaya ndipo amadutsa chipululu cha Sahara kuti adzadye tizilombo ta dzinja lathu. Pofika mu Epulo amakhala atabwerera. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta phiri ndi nkhungu ndi mvula yowaza, timbalame tina ta m'nkhalango za pamwamba timatsikira kumunsi kothawa kuzizira. Masiku amenewo timavala majuzi n'kukhala pakhonde, chifukwa ndi pamene pamabwera alendo osowa.

Malawi ali ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo ina mwa yosowa kwambiri imakhala pamwamba pathu pomwepa. Pali kambalame kotchedwa Thyolo alethe, kamene kamapezeka m'nkhalango zochepa monga za Mulanje ndi Thyolo ndiponso m'mapiri ochepa a ku Mozambique. Kamatsatira mzere wa linthumbu n'kumadya tizilombo tothawa. Sikanalowepo m'kope lathu ndipo mwina sikadzalowamo, chifukwa moyo wake ndi wa m'nkhalango yowirira. Nkhalangoyo ikatha, kalibe kwina kopita.

Tsiku lina tinayala makope akale pamphasa n'kuyamba kuwafananiza. Apa ndi pamene nkhope zinagwa. Gogomole, amene kale tinkamulemba Januwale asanathe, anali atasowa zaka ziwiri zotsatizana, kuyambira pamene mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa khwawa inagwetsedwa. Kadzidzi, amene ena amamuopa koma amatithandiza kupha makoswe a kunkhokwe, tinali tisakumumvanso. Mayina otsala anali a mbalame zokonda malo oyera. Sitikusowa wotiuza chifukwa chake. M'mawa uliwonse mitolo ya nkhuni ndi matumba a makala zimatsika m'phiri, ndipo mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu m'thengo. Sitiloza chala anthu onyamulawo, popeza nsima yathu imapsanso ndi nkhuni zomwezo. Koma tinaona mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, mmene madzi, matope ndi miyala zinatsikira m'mapiri n'kukokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mitengo imene imasunga mbalame ndi yomwenso imagwira dothi limene lili pamwamba pa nyumba zathu.

Mayeso athu enieni anabwera pamene tinkafuna kuwonjezera chipinda. Njerwa zinali zitaumbidwa, nkhuni zowotchera uvuni zinali zodula, ndipo maso onse anagwera pa mkuyu. Tinagwirizana kuti ugwe Lamlungu. Usiku wake mwana wathu wamng'ono anabweretsa kope n'kuwerenga mokweza mayina onse amene pambali pake panalembedwa kuti "pa mkuyu". Anali ochuluka kuposa a malo ena onse, makamaka nkhuyu zikapsa ndipo nkhunda zobiriwira za m'tchire zikabwera. Kenaka anafunsa kuti, "Bambo, mukaudula, chaka chamawa tidzalemba chiyani?" Chipindacho chinachedwa ndi miyezi ingapo mpaka tinapeza ndalama ya njerwa za simenti. Mkuyu udakalipo.

Kuyambira pamenepo tasintha zinthu zazing'ono. Tinadzala masuku ndi mibawa m'malire, tinasiya chitsamba chimodzi osasadza, ndipo nyengo yadzuwa timaika madzi m'phale pansi pa mtengo, n'kumawasintha tsiku ndi tsiku kuti udzudzu usaswane. Malegeni a anyamata anapachikidwa pamsomali popanda kukalipirana. Mwana amene walemba mbalame ndi dzanja lake savutika kumvetsa chifukwa chake sayenera kuigenda.

Kuti muyambe lanu simufunika makina oonera patali. Kope, pensulo ndi mphindi 15 m'mawa kapena madzulo n'zokwanira. Lembani tsiku, dzina ndi malo amene mbalameyo inatera. Chaka choyamba mudzangosangalala, koma chachitatu kopelo lidzayamba kukuuzani zimene zikuchitika m'mudzi mwanu.

Chaka chino, m'mawa wina wa chiperoni, agogo anatidzutsa ndi chala pakamwa. Kuchokera ku mkuyu kunkamveka kugogoda. Tinaimirira pakhonde osapuma bwino mpaka anaonekera, atakakamira pa nthambi youma imene tinaiwala kudula. Mwana anathamangira pensulo.