Tsiku langa lobadwa

Makolo athu sanali kusunga tsiku lobadwa. Anali kusunga nyengo. Ukafunsa agogo kuti, "Munabadwa liti?" iwo anali kuyankha kuti, "Caka ca dzombe," kapena "Caka ca nthomba." Pamudzi yankho limeneli linali lokwanira, cifukwa akulu onse anali kulikumbukira dzombelo. Koma pa pepala la boma palibe malo olembapo dzombe. Pamafunika manambala.

Ine kwathu ndi ku Angónia. Amai anandiuza kuti ndinabadwa cimanga citauma m'munda, atate ali ku nchito ku minda ya fodya ku Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Ndinakula ndi mau amenewa basi. Ndinaweta ng'ombe, ndinamanga nyumba, ndinakwatira, zaka zanga osazidziwa.

Mu 1978 ndinalowa sukulu ya akulu. Tinali kuphunzira m'Cipwitikizi, madzulo titaweruka kumunda. Mu 1980, caka cimene metical inalowa m'malo mwa escudo, mkulu wina wa mpingo anandionetsa buku lakale la ubatizo. M'mbali mwake munali modyedwa ndi ciswe. Ndinatsata mizere ndi cala, pang'ono pang'ono. Ndinapeza dzina langa, la atate ndi la amai. Pambali pake panalembedwa kuti ndinabadwa pa 9 Maio 1957. Ndinawerenga katatu. Kenaka ndinatuluka panja, ndinatola kamtengo ndi kucotsera pa dothi. Ndinali ndi zaka 23.

Caka cotsatira, tsikulo litafika, ndinauza akazi anga m'mamawa kuti, "Lero ndi tsiku langa lobadwa." Iwo anaseka mpaka kukhala pansi. Anati, "Inu abambo, munthu amabadwa kangati?" Komabe madzulo anaocha mbatata ndi kundipatsa cipanda ca thobwa. Phwando lonse linali lomwelo, ndipo linandikwanira.

Tsiku limene sindidzaiwala ndi la mu 1987. Nkhondo inali itafika kwathu. Tinathawa usiku, mbuzi ndi nkhokwe kuzisiya. Kwa ife Malawi si kutali. Ku Lizulu malire ndi mseu cabe: mbali ino Mozambique, mbali inayo Malawi. Tinaoloka mseu umenewo, ndipo tinapatsidwa malo m'boma la Dedza, pamodzi ndi anthu ambirimbiri othawa ngati ife. Akazi anga anali ndi pakati. Pa mtolo umene ndinanyamula panali bulangeti, mphika, khasu ndi buku langa la kusukulu. Ena anandiseka cifukwa ca bukulo. Anati buku sadyera nsima.

Mwana anabadwa pa 7 Maio, m'kanyumba ka udzu, kunja kukuzizira monga kumazizirira ku Dedza. Pa 9 Maio ine ndinakwanitsa zaka 30. Panalibe thobwa, panalibe mbatata. Tinadya phala la ufa wolandira. Tsiku limenelo ndinabwereka pensulo, ndinatsegula cikuto ca buku langa ndi kulemba dzina la mwana, tsiku, mwezi ndi caka. Dzanja linali kunjenjemera ndi mphepo, koma manambala anaoneka bwino.

Anzathu ataona zimenezi anayamba kubwera. "Acimwene, tilembereniko wathuyu." Ndinalemba. Cikuto citadzaza ndinayamba kulemba m'mphepete mwa mapepala. Ena mwa ana amenewo lero ali ndi ana ao. Ena sanabwerere kwathu, manda ao ali ku Malawi. Mai wina, mwana wake atamwalira ndi cikuku, anabwera kudzandipempha kuti ndimuonetse pamene ndinalemba. Sanali kudziwa kuwerenga. Anaika cala pa dzinalo, anakhala cete kanthawi, kenaka anapita.

Za 1992 ndinene mwacidule. Kunali cilala, tinadya nsima ya cimanga cacikasu, ndipo tsiku langa linapita osalikumbukira. Koma pa 4 Outubro caka comweco mtendere unasainidwa ku Roma.

Tinabwerera kwathu mu 1994. Tsiku limene ndinakwanitsa zaka 37 ndinali ndi nkhwangwa m'manja, kudula mitengo imene inamera pakati pa munda wanga. Tinali kuyenda m'njira zokhazo zimene ena anayendamo kale, poopa mabomba okwiriridwa pansi. Pambuyo pake ndinapita kukalembetsa mwana uja kuti alowe sukulu. Mlembi anafunsa tsiku lobadwa. Makolo ena pa mzere anali kuyerekeza msinkhu wa ana ao ndi dzanja. Ine ndinangotsegula buku.

Masiku ano zinthu zasintha. Mu 2017 ndinakwanitsa zaka 60. Mwana wanga wamwamuna, amene anali kugwira nchito ku migodi ya malasha ku Moatize, anabwera ndi bolo, mkate wotsekemera uja wa pa phwando. Adzukulu anabayapo makandulo, anaimba m'Cipwitikizi ndi kuomba m'manja. Anandiuza kuti ndizime moto ndi pakamwa. Ndinazima, ngakhale sindinamvetse cifukwa coyatsira kandulo masana. Kunena zoona, bolo ndi cakudya ca ana. Amakoma pa lilime koma m'mimba safika. Mwamwai akazi anga anali atapha tambala, ndipo nsima inali pamoto. Mwana wa ku Dedza uja anaimba foni kucokera ku Tete. Anati, "Atate, ine ndakwanitsa 30 dzana." Ndinamuyankha kuti ndikudziwa, ndinalemba ndine.

Akazi anga alibe tsiku lao. Dzina lao sitinalipeze m'buku lililonse. Tsiku limene liri pa bilyeti lao anangowasankhira polembetsa, ndipo iwo salisamala. Amai ao anawauza kuti anabadwa tsiku la mvula yoyamba, inswa zikutuluka. Tsono adzukulu anagwirizana kuti phwando la agogo ao lizicitika tsiku limene mvula yoyamba yagwa. Zaka zina limafika mu Novembro, zaka zina mu Dezembro. Mvula ikacedwa, iwo amayang'ana kumwamba ndi kunena kuti caka cino sanayambe kukalamba.