Za Kuwedza m'Mitsinje ya pa Phiri la Zomba



Ife amene tinakulira m'tsinde mwa phiri la Zomba tidziwa bwino nsomba za ku Chilwa, ndizo matemba, makumba ndi milamba, zimene amalonda abwera nazo pa njinga ku msika wa m'tauni. Koma ilipo nsomba ina imene ambiri a ife tingoimva mbiri, chinkana kwao kuli pamwamba pa mitu yathu, m'madzi omwewo amene timwa. Azungu aitcha trout. Mwezi uno tifuna kukamba za iyo, makamaka chifukwa cha anyamata amene ayamba kumene kugwira mbedza. Pakuti munthu wodziwa kuwedza nsomba yochenjera yotere sadzabvutika pa mtsinje wina uli wonse.

Nsombayi ndi mlendo kuno. Kwao kwenikweni ndi ku mitsinje ya kumadzulo kwa North America, ndipo ndi mbale wache wa nsomba yomveka ija ya salmon. Inafika m'dziko muno m'chaka cha 1906, Zomba ali likulu la boma, ndipo anaiika mu mtsinje wa Mulunguzi kuti Azungu aziwedza pa masiku opumula. Mudzaizindikira ndi mamba ache ang'onoang'ono, mawanga akuda pamsana, ndi mzere wofiirira m'nthiti kuyambira kumutu kufikira kumchira. Ifuna madzi ozizira, oyera ndi othamanga; madzi akafunda kupitirira madigiri 20 iyamba kufooka. Nchifukwa chache inakhazikika pamwamba pa phiri, limene nsonga zache zipitirira mamita 2,000, ndipo simudzaipeza ku Likangala kapena ku Chilwa.

Choyamba chimene tikulangizani nchakuti musanamange mbedza mukapemphe chilolezo. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira 1913, ndipo kuwedza m'menemo kuli ndi malamulo ache. Kaonaneni ndi oyang'anira nkhalango, akuuzeni nyengo, malo ndi nyambo zololedwa. Nsomba yogwira mozemba ikoma pakamwa, koma ibwera ndi mlandu pakhomo.

Chachiwiri, phunzirani khalidwe la madzi. Nsomba ya mumtsinje iima moyang'ana kumtunda, kudikira tizirombo tobwera ndi madzi. Tsono inu muidzere kumbuyo, kuyambira kumunsi ndi kumakwera pang'onopang'ono. Pondani mwakachetechete, bvalani zosawala, ndipo chithunzithunzi chanu chisagwere pa dziwe, pakuti maso ache ngakuthwa ndithu. Muifune kuseri kwa miyala ikuluikulu, pansi pa mizu ya m'gombe, ndi pamene madzi othamanga alowera m'dziwe, monga m'munsi mwa mathithi. Nthawi yache ndi mbandakucha ndi madzulo dzuwa litapendeka. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Khalani kaye pa mwala, mupenye pamene nsomba itumphira kudya, kenaka muponye.

Chachitatu ndi nyambo. Owedza nsombayi amanga tinthenga pa kambedza kakang'ono kuti kafanane ndi kachirombo kogwera m'madzi. M'mitsinje ya kumunsi kuno tigwiritsa nchito nyongolotsi, ziwala kapena ngumbi, koma nzeru yache ndi imodzimodzi: ponyani kumtunda, ndipo nyambo itsike ndi madzi monga chinthu chopanda mwini. Mukaikoka modutsa mtsinje, nsomba izindikira msanga kuti pali chinyengo. Ikaluma, kwezani ndodo osatsomphola, pakuti chingwe chopyapyala chiduka; ilekeni ithamange kufikira itatopa, ndipo muikokere ku gombe. Ikakhala yaing'ono, nyowetsani manja anu musanaigwire, muchotse mbedza mofatsa ndi kuibweza. Dzanja louma lichotsa kuterera kwa pakhungu pache kumene kuiteteza ku matenda.

Inu amai, mwana asapite yekha ku mtsinje. Miyala ya ndere iterera koopsa, ndipo m'dzinja mvula ikagwa kumtunda, mtsinje udzala mwadzidzidzi ngakhale pamene muliri pali dzuwa.

Tsopano za kukonza. Nchito imeneyi iyambira pa gombe pomwepo, pakuti mnofu wa nsombayi ngwofewa ndipo suchedwa kubvunda. Imenyeni pamutu kamodzi kuti isasauke. Itumbuleni ndi mpeni wakuthwa kuyambira kumunsi kwa mimba kufikira kukhosi, mosamala kuti ndulu ingaphulike ndi kuwawitsa mnofu wonse. Chotsani matumbo ndi ziwalo zofiira zopumira za m'mutu, ndipo magazi akuda amene agona motsata fupa la msana muwapale ndi chikhadabo. Tsukani ndi madzi ozizira, kulungani m'masamba a nthochi kapena m'udzu wonyowa, ndi kusunga pa mthunzi. Musaitsekere m'pepala la pulasitiki pa dzuwa.

Kunyumba, mamba ache safuna kupala kwambiri. Chekani m'nthiti kawiri kapena katatu, wazani mchere, finyirani ndimu, ndipo muotche pa makala amene malawi ache atha. Kapena muikazinge m'chiwaya ndi mafuta pang'ono, matimati ndi anyezi kukonzera padera. Musaibwatitse nthawi yaitali monga mlamba wouma, ingasasuke. Yapsa pamene mnofu usiyana wokha ndi fupa. Ana muwachotsere minga musanawagawire. Pa Lachisanu la m'nyengo ya Lenti, pamene tisala nyama, ndiwo yotere ikwanira banja lonse. Zikachuluka, zing'ambeni kumsana, thirani mchere ndi kuziwamba pa moto wofatsa wa nkhuni zouma. Koma musasonkhere paini wa paphiri, pakuti utomoni wache uwawitsa nsomba.

Tisanatsirize, tikumbuke kuti dziko lathu lili nayo nsomba yacheyache ya khalidwe la salmon, ndiyo mpasa. Iyo ikhala m'nyanja ya Malawi, koma nyengo yoswana ikafika ikwera mitsinje monga Bua, Linthipe ndi North Rukuru kukaikira mazira pa nsangalabwi za m'madzi oyera. Makolo anaidya yochuluka. Lero yachepa kotero kuti iwerengedwa pakati pa nsomba zimene zingathe kutheratu. Anthu anatseka mitsinje ndi maukonde ndi miono nsomba zisanaswe, ena anathira katupe wakupha zazikulu ndi zazing'ono pamodzi, ndipo dothi lokokoloka m'minda ya m'gombe linakwirira nsangalabwi zoikirapo mazira.

Zimenezi zitikhudza ifenso kuno ku Zomba. Mitengo ya paphiri ikatha ndi nkhwangwa, makala ndi moto wa m'chilimwe, mthunzi uchoka pa mtsinje, madzi afunda ndi kuda ndi matope, ndipo nsomba ya madzi ozizira ndiyo iyamba kusowa. Koma Mulunguzi yemweyo ndiye adzaza damu limene lipatsa madzi tauni yathu, natsikira ku Likangala kukathira ku Chilwa, nyanja imene inauma mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Chotero nsomba ikasowa kumtunda, amai a kumunsi adziwe kuti mtsuko wao uli pangozi.

Tsono inu atate, pophunzitsa mwana kumanga mbedza, mumphunzitsenso kuleka. Atenge zokwanira mphika wa tsiku lomwelo, abweze yaing'ono ndi ya mazira, asakhudze katupe kapena ukonde wa udzudzu, ndipo mtengo wa m'mphepete mwa madzi ausiye uli chiriri.