MANJA A AGOGO ANGA

Sukulu itatsekera ndinatsikira kwathu ku Mtakataka kukathandiza agogo anga akazi nchito za pakhomo. Tsiku lina madzulo, ndiri kusenda cinangwa pakhonde, ndinamva fungo ngati la nyama yowamba. Poceuka ndinaona agogo alikuphula mphika wa nsomba ndi manja awiri, osafulumira, osabuula. Zala zao zinali zitapsa, koma iwo anangondifunsa ngati mcere ulipo.

"Agogo, mwapsatu!" ndinakuwa. Iwo anayang'ana manja aowo nati, "Ukadapanda kunena, mdzukulu wanga, ndikadaona mawa."

Agogo anadwala khate akali mtsikana, nalandira mankhwala ku Mua, kumene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni m'caka ca 1902, ndi malo a odwala khate mu 1927. Anacira kalekale, koma manja ao sakumva moto kapena minga. Ndivomere pano, anzanga, kuti ndiri wamng'ono ndinkakana kudya nao mbale imodzi, poopa kutenga matenda amene analibe. Iwo sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi, ndipo cimeneci cimandipweteka kuposa ndodo.

Titatsegulira sukulu ndinafunsa aphunzitsi athu a Biology cifukwa cace munthu wocira samvabe kutentha. Anandifotokozera kuti kacirombo ka khate, kamene Gerhard Hansen wa ku Norway anakapeza mu 1873, kamakonda kukhala m'maselo ochedwa Schwann, amene amakuta mitsempha yotengera uthenga ku ubongo. Mankhwala atatu, rifampicin, dapsone ndi clofazimine, amapha kacirombo m'miyezi 6 kapena 12, koma mtsempha umene unafa kale saudzutsa.

Ndinafunsanso ngati palibe njira yomeretsera mtsempha wina, ndipo apa anandiuza cinthu cimene sindinacimvepo. Maselo a khungu ndi a mtsempha ali ndi buku limodzi la malangizo, ndilo DNA, koma sawerenga masamba ofanana. Muli mapuloteni ena, ochedwa transcription factors, amene ali ngati akapitao: iwo ndiwo amauza selo tsamba loti liwerenge, ndi nchito yoti ligwire. Akatswiri amaika malangizo a puloteni yotere m'tizirombo ta E. coli, natiweta m'mabotolo, ndipo timawapangira yambiri yoyesera m'nyumba zao zofufuzira.

Mu 2010 Marius Wernig ndi anzace ku Stanford, ku America, anadzutsa akapitao atatu, Ascl1, Brn2 ndi Myt1l, m'maselo wamba a mbewa, ndipo maselowo anasanduka a mtsempha. Mu 2013 gulu la Anura Rambukkana ku Edinburgh linapeza kuti kacirombo ka khate nakonso kamadziwa macenjerero omwewa. Kakalowa m'selo la Schwann kamatontholetsa kapitao wace, Sox10, ndipo selolo limaiwala nchito yace, nilibwerera ku ukhanda, niliyamba kunyamula kacirombo kupita nako kwina m'thupi. Ndinazizwa kuti kanthu kosaoneka ndi maso kanatsogola anthu ophunzira pa nzeru imeneyi.

Nditabwereranso kumudzi ndinawasimbira agogo zonsezi. Anaseka mpaka kutsokomola, nati, "Mbewa zimene timadyera nsima zomwezi?" Pambuyo pace anatambasula manja ao nafunsa ngati azungu a mbewawo angawakonzere. Ndinalakalaka kunena kuti inde, koma ndinawauza zoona, kuti zimene zatheka m'botolo sizinafike pa dzanja la munthu. Anangoti, "Cabwino, udzakonzera ena."

Cimene ndinatha kucita ndi ici: ndinasoka nsanza zocindikala ziwiri zophulira mphika, ndipo usiku uli wonse ndinkayang'ana manja ndi mapazi ao ngati pali bala, popeza maso anga ndiwo mitsempha yao tsopano. Tinadyanso mbale imodzi.

Tsono anzanga, khate silinatheretu m'dziko lathu lino. Mukaona banga loyezuka pakhungu, losayabwa, losamva mukalikhudza ndi kaudzu, musabise ndipo musayambe mwafunsa za ufiti. Thamangirani ku cipatala, mankhwala ace ndi aulere. Agogo akadafika msanga, bwenzi lero akumva kutentha kwa mphika wao.

Mtsikana wa Fomu 3