Tisafulumire kuyankha kuti "Osadandaula"

Makolo anzanga a kunyanja, ndikulemba kuchokera ku Linthipe, kuno kumtunda kwa Dedza kumene mwezi wa Juni munthu amafunda mabulangete awiri. Mtsinje wa Linthipe umakathira m'nyanja ku Salima, choncho ndimadziyesa mnansi wanu ndithu.

Ndinaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri, ndipo ngakhale ndinapuma, anthu sanandileke. Kale ankabwera ndi makalata, lero amabwera ndi foni: "Aphunzitsi, tatiwerengerani zimene walemba mwanayu." Chimene ndaona n'chakuti ana athu, kaya a ku Joni kaya a ku sekondale, amalemba Chichewa kapena Chiyao bwinobwino pa nkhani ya ndalama ndi malata, koma akafika pa zamumtima amathawira ku Chingerezi. Ndikuganiza kuti ndi manyazi. Mawu achilendo amawabisa nkhope. Tsono kholo likangomva kuti mwana ali ndi vuto, yankho limakhala limodzi: "Muuzeni asadandaule."

Vuto lili pa mawu athu omwewa akuti kudandaula. Amasenza katundu wambiri. Wofedwa amadandaula, woberedwa pa sikelo amadandaula, woyembekeza zotsatira za mayeso amadandaulanso. N'chifukwa chake ana a sukulu amalemba "I am worried" m'kalata yopepesa maliro, pamene eni chilankhulo akati "worried" amanena za chinthu chimene sichinachitike koma akuchiopa, ndipo amatha kuchitchula: fizi, feteleza, mwana wotentha thupi. M'Chingerezi chakalekale mawuwa ankatanthauza kupotokola pakhosi, ndipo mpaka lero amawanenera galu wolondola nkhosa n'kumaziluma. Aliyense amene anagonapo maso ali gwa chifukwa cha ngongole akumudziwa galu ameneyu.

"Anxious" anachokera ku Chilatini, pa mawu otanthauza kufinya kapena kubanikitsa. Awa ali ndi nkhope ziwiri. Mayi wina anabwera misozi ili m'maso chifukwa mdzukulu anamuuza kuti mwana wake walemba za nkhawa. Nditawerenga ndinapeza "I am anxious to see you," ndiye kuti akulakalaka kuwaona, mtima uli dyokodyoko. Koma akati "anxious about," pamenepo ndi nkhawa yeniyeni, yoposa ya "worried" pang'ono. Ndipo dokotala akalemba "anxiety" m'buku la kuchipatala, amanena matenda amene ife timawatcha kuganiza kwambiri, ena n'kumati BP yakwera. Anzathu a ku Zimbabwe amati kufungisisa. Kumeneko Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare m'chaka cha 2006, agogo aakazi ophunzitsidwa n'kumakhala pa benchi panja pa chipatala, ntchito yawo yoyamba ili kumvetsera basi. "Nervous" sindichedwa nayo: ndi nthumanzi ya m'mawa wa mayeso a MSCE, imatha pepala likaperekedwa.

Mawu amene amandiopsa ndi aja ooneka opepuka. Munthu akati ali "uneasy" ndiye kuti mtima sukukhazikika koma sangaloze chifukwa chake. Zili ngati msodzi amene waona kuti nyanja yasintha mtundu mwera usanayambe. Mu Epulo 2015, anthu obwera atayamba kumenyedwa ku Durban mpaka boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu, ndinawerengera bambo wina uthenga wa mwana wake wa mumzinda wina, kumene kunali kudakali bata. Analemba kuti ntchito ilipo, chakudya chilipo, koma "I feel uneasy." Bamboyo anati, "Ngati akudya, vuto n'chiyani?" Ndinawauza kuti mnyamatayo ndi amene akuona maso a anthu mu thekisi, ndipo sanaiwale za 2008 pamene anthu 62 anaphedwa. Wotere safuna kulimbitsidwa mtima ayi. Afuna kufunsidwa ngati pasipoti ili pafupi ndiponso ngati ali ndi ndalama ya basi.

Tsopano ndifike pa mawu amene andichititsa kutenga cholembera, "uncomfortable." M'kalasi timawaphunzitsa ndi mpando wolimba kapena nsapato yothina. Kuno kwathu ena amawanena akamva m'thupi mosakhala bwino. Choncho mtsikana wa Fomu 2 akalemba kuti "I am uncomfortable with" wakutiwakuti, natchula mphunzitsi, mwini nyumba imene akuchita lendi, kapena mlamu amene akumulipirira fizi, makolo ambiri amamva ngati akunena kuti sakugwirizana naye chabe. Amati mwanayu wayamba matama.

Ayi, abale anga. Atsikana amawaphunzira mawuwa m'makalabu a kusukulu ndi pa wailesi, kumene amawagwiritsa ntchito ponena za mwamuna amene amayang'ana, kulankhula kapena kugwira mosayenera. M'Chichewa tingati akumangika, sakumasuka naye. Mwana woleredwa bwino sangatchule kwa bambo ake kumene wagwidwa. Amasankha mawu aang'ono kwambiri amene angawapeze, n'kudikira kuti aone ngati wina atole. Akayankhidwa kuti "Osadandaula, pirira, umalize sukulu," sadzabwerezanso. Ndipo si atsikana okha. Anyamata amene amagona kwa achibale m'tauni nawonso amalemba chomwecho.

Ine ndikakumana ndi mawu amenewa m'foni ya munthu sindimasulira pamaso pa gulu. Ndimapempha mayi kuti titsale awiri, kapena aitane azakhali a mwanayo, pakuti pali zina zimene mwana amauza azakhali mosavuta. Mafunso ake ndi aafupi: amachita chiyani, liti, kangati, pamakhala ndani? Nthawi zina zimapezeka kuti ndi ukali chabe wa mphunzitsi, ndipo tonse timapuma. Nthawi zina sizikhala choncho. Mwana ayambe wachotsedwa pamalopo, za fizi zikambidwe pambuyo.

Ndikudziwa kuti pamene wotchulidwayo ali wachibale, mtima umafuna kukambirana pakhomo. Koma kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa khalidwe lovutitsa munthu pa zachiwerewere, ngakhale ndi mawu okha. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yoona nkhani zotere, ndipo nambala ya 116 mwana kapena kholo angathe kuimba osalipira kanthu.