Zimene Ndaphunzira Pomanga Njinga ku Kanengo

Njinga zimafika m'makatoni zili zidutswazidutswa: felemu payokha, malimu, masipoko, tcheni, mabuleki. Ife timaima pamzere, aliyense ndi ntchito yake imodzi, mpaka kumapeto kutatuluka njinga yoti munthu n'kukwera. Pamzerepo ndatolapo izi.

1. Liwiro si lako. Ukachedwa, mnzako wakumunsi amangopinda manja n'kumakuyang'ana. Ukafulumira kwambiri, umamuunjikira katundu. Henry Ford atayambitsa mzere woyenda ku Highland Park mu 1913, ntchito yolumikiza galimoto ya Model T inatsika kuchoka pa maola oposa 12 kufika pa ola limodzi ndi theka. Koma anthu ankaithawa ntchitoyo, moti mu Januwale 1914 Ford anakweza malipiro kufika madola 5 pa tsiku. Othawawo ine ndimawamvetsa.

2. Pedulo lakumanzere limamangidwa mobwerera. Analipanga dala choncho kuti lisamasuke munthu akamapalasa. Mlendo aliyense pamzere amalimbana nalo, ndipo akalikakamiza ndi sipanala mazinga amadyeka. Bawuti iliyonse uyambe ndi zala. Ikakana, pali chifukwa.

3. Wilo silifuna munthu wamtima wapachala. Masipoko 36 aja amakokana, ena kumanja ena kumanzere, ndipo ukalimbitsa amodzi mopitirira, limu imapotokera komweko. Umazungulitsa wilo, kuona pamene lapendama, kukhotetsa pang'ono, kuzungulitsanso. Mkulu wina amene anandiphunzitsa ankangokhudza masipoko ndi chala n'kumvetsera kulira kwake. "Mwana wanga, iyi yalira bwanji?" Ndinkangoti, "Sindikumva kusiyana, bambo." Lero ndimamva, ngakhale makina akusokosera.

4. Ukaona cholakwika, nena pomwepo. Ku mafakitale a Toyota wantchito aliyense ali ndi mphamvu yokoka chingwe kuti aitane kapitawo, ngakhale kuimitsa mzere wonse. Kwathu kulibe chingwe, koma pakamwa tili napo. Kapitawo akhoza kukwinya nkhope chifukwa chiwerengero cha tsikulo chatsika, msiyeni akwinye. Njinga imeneyo ikupita kwa wakabaza amene adzanyamule mayi wobereka mwana kumbuyo, kapena kwa wamakala wotsetsereka ndi matumba atatu pakaliyala. Buleki imene wailekerera kuti ipite, iwo adzaidziwira pamtsetse.

5. Thupi limasunga ngongole. Kuima tsiku lonse pasimenti ndi kupotoza dzanja mofanana kuyambira m'mawa kumadzakupeza usiku, m'msana ndi m'mapewa. Nsapato zabwino zigulidwe ndi malipiro oyamba, foni idikire. Mpata wosinthana malo ndi mnzako ukapezeka, usaukane.

6. Magetsi akazima, pukuta zida ndi kusanja mabawuti. Akayaka palibe amene adzakudikire.

7. Dziwa zimene lamulo limanena. Lamulo la ntchito la 2000 limati maola a ntchito pa sabata asapitirire 48, ndipo opitirirapo ndi ovataimu yolipidwa mwapadera. Za penshoni, bwana amaika 10 peresenti, iwe 5. Ambiri pamzere sawerenga kapepala ka malipiro, amangoona nambala yapansi. Ine ndili ndi kope limene ndimalembamo nthawi yolowa ndi yoweruka, ndipo mwezi ukatha ndimayerekeza ndi kapepalako ndisanachoke pazenera la akalaliki.