Nsapato za mlomo wa bakha

Tinazipeza pansi pa mulu wa majekete, ku salaula ya kuseri kwa Soweto Market, Loweruka lina la mu July, m'mawa wa mphepo yoluma makutu. Tinali anayi, tonse a ku Chunga, ndipo m'thumba munali ndalama zimene tinasonkha kwa miyezi iwiri. Wachisanu wa gulu lathu, mtsikana amene tinakula naye mumsewu umodzi, anali atapeza malo ophunzira ku NTNU, mumzinda wa Trondheim ku Norway, ndipo ulendo unali wa mu August. Tinapangana kuti mwana wa komboni yathu asakafike kwa eni chisanu ali ndi kajuzi ka ku Kamwala chabe.

Jekete silinativute, magolovesi chimodzimodzi. Aliyense amene amavala salaula amadziwa kuti m'mabelo mumabwera zovala zambiri za m'maiko ozizira, zina zakuti ukazivala muno ngakhale mu June umatuluka thukuta usanafike pa siteshoni. Koma nsapato izi zinali zachilendo. Zinali za pulasitiki yolimba, zofika pakati pa msongolo, zolemera ngati njerwa, zokhala ndi zomangira zitatu za chitsulo. Pamwamba pa zala panali makwinya opindika ukaponda. Kutsogolo kunali chinthu chotuluka chaphwatalala ngati mlomo wa bakha, ndipo pansi pa mlomowo panali timabowo titatu.

"Izi ni za mu snow, bana banga," anatero mayi wogulitsa. "Olo muzungulire Lusaka yonse simuzazipeza futi."

Sananame. Tinatsitsana mtengo mpaka tinamvana, ndiye tinakwera basi ya ku Chunga titazinyamula pamiyendo ngati khanda. Zinali zazikulu pang'ono kuposa phazi la mnzathu, koma zimenezo tinaziona ngati mwayi. Tonsefe tinakula tikugulidwa nsapato zotsala malo a chala chimodzi kutsogolo, amayi akuti udzakula nazo. Ndiponso tinati kumeneko adzavala masokosi awiri.

Tsiku lolongeza katundu, sikelo inapitirira makilo 23. Mnzathu anayangana nsapato, anayangana ife, kenako anatulutsa paketi ya unga ndi kapenta amene amayi ake anamuyanikira. Chinthu chimenechi tikuchikumbukira bwino, chifukwa pambuyo pake chinatiluma.

Uthenga unabwera mu December, wa mawu, pa gulu lathu la WhatsApp. Theka lake linali kuseka. Anali atavala nsapato zathu kupita m'kalasi tsiku limene sinowo inagwa kwambiri, akuyenda gubudu gubudu m'khonde, ndipo mnyamata wina wa ku Norway anamuimitsa n'kumufunsa kuti maski ake wawasiya kuti. Apo m'pamene tonse tinaphunzira kuti si nsapato zoyendera. Ndi nsapato za telemark.

Usiku umenewo bando inatithera pa YouTube. Pa ski imene timaona pa TV, ya anthu otsika phiri ngati mphezi, phazi lonse limamangidwa, zala ndi chidendene chomwe. Pa telemark chomangidwa ndi kutsogolo kokha, chidendene chimanyamuka. Pokhota, munthu amatsogoza mwendo umodzi, wina umatsala kumbuyo bondo litapinda kutsika pafupi ndi ski, ndiye pokhotera mbali ina miyendo imasinthana. Makwinya aja a pamwamba pa zala ntchito yake ndi imeneyo, kulola nsapato kupindika pamene phazi limapindikira. Dzinali ndi la dera la Telemark ku Norway komweko. Kumeneko, m'mudzi wa Morgedal, kunabadwa Sondre Norheim mu 1825, munthu wosauka amene ankadzisemera yekha maski ndi kupota mizu ya mtengo wa birch kuti igwire chidendene. Mu 1868 anapita ku Christiania, imene lero ndi Oslo, n'kupambana mpikisano ali ndi zaka zopitirira 40. Tinamukonda pomwepo. Munthu wopanga zida zake ndi mizu akanakhala bwino ku Chunga, kumene ana amapanga motoka za waya zokhota bwino kuposa za m'shopu.

Mnzathu anati popeza nsapato zilipo kale, ayesa masewerawo. Ife tinawomba m'manja. Tinkaganiza kuti chatsala ndi kugula mapulanga awiri basi.

Amene anayamba kumvetsa vuto ndi mmodzi wa ife amene amakonza maminibasi cha ku Lumumba Road. Anati, "Imwe, spare ya Toyota siingena mu Nissan." Pakati pa nsapato ndi ski pamakhala chitsulo chotchedwa binding, ndipo nsapato iliyonse ili ndi mtundu wake wa binding. Zathu zinali za muyeso wakale wa 75 mm. Nambalayo ndi kutambalala kwa mlomo wa bakha uja, umene umalowa m'kamwa mwa chitsulo, ndipo timabowo titatu timakhala pa timisomali titatu. Kampani yodziwika ndi zitsulo zimenezi ndi Rottefella, dzina lotanthauza msampha wa khoswe, ndipo ukaona mmene chimatsekera umavomereza kuti analitcha bwino. Pa muyeso umenewu chitsulo cha kumanzere ndi cha kumanja n'zosiyana, moti ukasinthanitsa maski mapazi amayang'ana kolakwika. Mu 2007 kampani yomweyo inatulutsa muyeso watsopano wotchedwa NTN. Nsapato zake zilibe mlomo wa bakha, chitsulo chimagwira kutsogolo ndi pansi pa phazi. Ziwirizi sizilowana, olo pang'ono. Muno tinazolowera kuti chinthu chikakana timachikakamiza ndi waya kapena mphira wa chubu. Koma bondo la munthu wotsika phiri si bampala ya basi.

Choncho mphatso yathu inali itamusankhira kale njira mnzathu iye asanadziwe n'komwe kuti pali njira ziwiri. Anzake a kumeneko anagawanika. Ena anamuuza kuti asataye nthawi ndi zakale, NTN ndiyo imagwira phazi molimba, imathandiza pa sinowo youma ngati konkire, ndipo nsapato zatsopano zambiri zikupangidwira komweko. Ena anati wophunzira kumene sasowa zonsezo, ndipo popeza anthu ambiri akusamukira ku NTN, zida za 75 mm zikugulitsidwa motchipa pa Finn.no, tsamba limene anthu a ku Norway amagulitsirapo katundu wogwiritsidwa kale ntchito. Atatiuza mtengo wa seti yatsopano ya NTN, nsapato, zitsulo ndi maski, tinausintha kukhala makwacha ndipo gulu linakhala chete mphindi zingapo. Muno ndi lendi ya miyezi yambiri. Tinavotera salaula, anayi tonse, ngati kuti panali amene anatifunsa.

Ngakhale mkati mwa 75 mm munali zosankha. Timisomali titatu tokha timakwanira nsapato zopepuka za chikopa pa maski owonda, zoyendera m'nkhalango. Nsapato zolemera za pulasitiki ngati zathu, mtundu umene unayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pamene kampani ya Scarpa ya ku Italy inatulutsa Terminator, zimafuna binding ya waya wozungulira chidendene, wokhala ndi masipuling'i. Sipuling'i ikalimba, chidendene chimanyamuka movutikira koma ski imamvera msanga. Ikafewa, kuyenda ndi kukwera kumaphweka koma potsika miyendo imagwira ntchito yambiri. Makanika wathu anasangalala ndi nkhani imeneyi kuposa tonse. Anafotokoza za mashoka a Hiace kwa mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo palibe amene anamvera uthengawo mpaka kumapeto.

Pa maski enieniwo mnzathu analangizidwa kutenga apakatikati, osatambalala kwambiri ngati a sinowo yakuya, osawonda ngati a mpikisano wothamanga, ndipo aafupi pang'ono kuti azikhota mosavuta. Anapeza akale amene anali ndi binding ya waya kale. Zimenezi zinamupulumutsa, chifukwa kuika binding ndi kuboola ski ndi kumanga masikuluwu, ndipo bowo likalakwika silibwerera. Ukaika chitsulo patsogolo kwambiri kapena kumbuyo kwambiri, ski yonse imasintha khalidwe. Anagulanso zikopa zomata pansi pa ski pokwera phiri, zimene ubweya wake umatsetsereka kupita kutsogolo koma umagwira ukafuna kubwerera m'mbuyo. Kale zinali zikopa zenizeni za nyama ya m'nyanja yotchedwa seal. Masiku ano ndi nayiloni kapena mohair, ubweya wa mbuzi za Angora, umene wambiri umachokera ku South Africa ndi Lesotho. Mwandi, mbuzi za kuno kwathu kum'mwera zimakwera mapiri a ku Norway ife tisanaoneko n'komwe sinowo.

Zonse zitakwanira, anakwera tramu yopita ku Lian, m'mphepete mwa nkhalango ya Bymarka, kukayesa. Anatumiza chithunzi chimodzi, nsapato zathu zili pa maski, ndipo tonse tinachiika pa status. Kenako anakhala chete masabata awiri.

Tinkaganiza kuti ndi mayeso. Atayankha, anatumiza chithunzi cha zidendene zake. Matuza anali ataphulika mbali zonse ziwiri. Nsapato za ski sizipimidwa ngati za kusukulu. Zili ndi muyeso wake wotchedwa Mondopoint, umene ndi kutalika kwa phazi m'masentimita, ndipo zimayenera kugwira phazi ngati dzanja logwira chikho. Zathu zinapitirira ndi masentimita awiri. Pa telemark zimenezi n'zoipa kawiri. Nthawi iliyonse akapinda bondo, chidendene chinkanyamuka mkati mwa nsapato m'malo monyamuka pamodzi ndi nsapato, n'kumakhuzika. Makwinya aja nawonso ankapindikira pamalo olakwika, n'kumatsina pamwamba pa zala. Masokosi awiri, nzeru yathu ija, anangowonjezera kukhuzika. Anagwa kambirimbiri, ndipo ankaganiza kuti vuto ndi iye, kuti mwana wa ku Chunga ndi sinowo n'zosayenderana.

Pansi pa chithunzicho analemba kuti nsapato zathu wazigulitsa pa Finn.no, ndipo ndalamazo wawonjezera pang'ono n'kugula zina zakale, za 75 mm zomwezo, koma za saizi yake. Anapepesa katatu mu uthenga umodzi.

Tisaname, zinatiwawa. Mmodzi wa ife anatuluka m'gulu usiku womwewo, anabwezedwa m'mawa. Wina anati akanayesa kusintha kansapato kofewa ka mkati kaye, ndipo n'zoona kuti anthu amatero, koma chigoba chikakula kwambiri kansapato ka mkati sikangachikonze. Tinakambirana pa shopu ya pakona mpaka magetsi anapita, ndipo pang'onopang'ono nkhani inatembenuka. Mtsikana uyu anasiya unga ndi kapenta wa amayi ake kuti anyamule mphatso yathu. Anayenda masabata awiri ndi mabala osatiuza, kuopa kutikhumudwitsa. Ife tinkafuna chiyani kwenikweni? Tinkafuna kuti nsapato zimene tinazisankha ndi manja athu pa Soweto zizioneka pa zithunzi za ku Ulaya, kuti nafenso tikhale ngati tafikako. Palibe mmodzi wa ife amene anamufunsapo ngati zikumukwana. Tinkangofunsa kuti atumiza liti vidiyo.

Komanso tikaganiza bwino, nsapato zija sizinapite pachabe. Mwina zinachokera kumpoto komweko, zinawoloka nyanja m'belo, zinagona pansi pa majekete mu fumbi la Lusaka, zinakwera basi ya ku Chunga, kenako zinabwerera kwawo pa ndege kukapeza phazi la saizi yake. Ife anayi tilibe ngakhale pasipoti yodindidwa. Ndipo ndi mlomo wa bakha uja umene unamulowetsa mnzathu m'masewera amene sakanawaganizira. Maski ndi zitsulo zimene anagula chifukwa cha nsapato zathu akuzigwiritsabe ntchito.

Manje tili ndi loto latsopano, lopusa pang'ono. Malo apafupi amene tingaponde sinowo ndi Afriski, m'mapiri a Maloti ku Lesotho, pamwamba kupitirira mamita 3,000, kumene nyengo yake ndi June mpaka August. Tawerengera kale ya basi mpaka Johannesburg. Makanika wathu wayeza mapazi a tonse ndi tepi ya kugaraji n'kulemba masentimita pa khoma, kuti tikadzabwereka nsapato kumeneko pasadzakhale za udzakula nazo. Ndalama zake sizinayambe kusonkhedwa.

Vidiyo inabwera mu March. Ndi ya masekondi 19. Mnzathu akutsika pang'onopang'ono pamalo otsetsereka, mikono ili patali ngati wonyamula ndowa ziwiri. Akutsogoza mwendo wakumanja, bondo lakumanzere likutsika, maski akukhota. Akusintha miyendo, akukhotanso. Kachitatu akugwa chagada ndipo wojambula akumveka akuseka.

Tinapita nayo foni kwa amayi ake. Tinawapeza pakhonde akusankha nyemba, ndipo anapukuta manja pa chitenje asanailandire. Anaonera katatu osanena kanthu, foni ili patali ndi maso.

"Uyu mwana," anatero pomaliza, "pano panyumba kumuuza kuti agwade popatsa alendo madzi inali nkhondo. Manje ayenda kugwadira phiri la bazungu?"

Kenako anatiuza kuti tiibwezenso poyamba.