Golide wa amayi anathawa pamalo pake

Tengani paketi ya bisiketi kapena ya sopo waufa, muyang'ane m'mphepete cha kumene anamata. Mupeza kabokosi kakang'ono kakuda, kopanda mawu, kopanda chithunzi. Ine ndafika chaka chachitatu cha uinjiniya ndisanakafunse kuti ndi ka chiyani. Ndinakadziwa nditawononga ndalama za amayi anga ndi anzawo.

Kwathu ndi kwa Champiti, ku Ntcheu. Amayi ali m'gulu la amayi khumi ndi awiri la banki m'khonde, ndipo chaka chatha anagwirizana zoti azisinja nsinjiro ndi kulongedza m'timatumba ta pulasitiki kuti azikasiya m'mashopu pa boma. Nsinjiro zawo n'zabwino, sindikunena chifukwa ndi amayi anga. Vuto linali maonekedwe: katumba koyera, dzina lolemba ndi maka. Ine, mwana wa ku yunivesite, ndinabwera ndi nzeru. Ndinati tisindikize malebulo omata, dzina la gulu likhale la golide, linyezimire ngati za m'masitolo a ku Blantyre. Amayi anati, "Ababa, inu ndi amene mwaphunzira, ife tingokutsatani." Anatapa m'bokosi la gulu nandipatsa.

Ndinapita ku kampani ina yaing'ono yosindikiza mu Blantyre. Malebulo 1,000 anali atasindikizidwa kale pa mpukutu wa pulasitiki yopyapyala, chithunzi cha mtedza pansi, malo opanda kanthu pamwamba podikira golide. Kenako mpukutuwo unalowa m'makina ena odinda foil.

Ntchito yake njosavuta kuimva. Pali chidindo chachitsulo chosemedwa zilembo, chimene chimatenthedwa kupitirira madigiri 100. Pakati pa chidindo ndi lebulo pamadutsa foil, yomwe si golide ayi: ndi pulasitiki yopyapyala yokutidwa ndi utoto, kenako aluminiyamu, kenako guluu amene amagwira akatentha. Chidindo chikatsika, pamene chakhudza pokha ndi pamene utoto ndi aluminiyamu zimasiya pulasitiki yake n'kukakamira pa lebulo. Luso limeneli ndi lakale. Kampani ya Kurz ya ku Fürth, ku Germany, yomwe imapanga foil yambiri padziko, inayamba mu 1899 ndi kusula golide weniweni kukhala timasamba.

Malebulo oyambirira anatuluka okongola moti ndinawajambula n'kutumiza kumudzi pa WhatsApp. Ndinapita kukagula chipisi. Pobwera, golide anali atayamba kutsika. Pa lebulo ina zilembo zinali zitakhala pa mtedza. Bambo woyendetsa makinawo, munthu wa imvi amene wagwira ntchitoyi ine ndisanabadwe, anaimitsa, napotokola kachitsulo, nayambanso. Golide anakwera, napitirira, nadula mzere wa pamwamba. Tinatha tsiku lonse tikuthamangitsana naye.

Poyamba ndinawakwiyira bambowo. Lero ndikuona kuti ndinalakwa. Makina awo amakoka mpukutu mtunda wofanana nthawi zonse, kenako n'kudinda, ngati munthu wobzala chimanga poyesa ndi phazi osayang'ana chingwe. Pepala lolimba limapirira zimenezo. Pulasitiki ayi. Ukaikoka imatamuka, ikamva kutentha kwa chidindo imatamukanso, ndipo mpukutu ukamachepa mphamvu yokokera imasintha. Tiyerekeze kuti lebulo iliyonse yasiyana ndi muyeso ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Palibe diso limene lingaone zimenezo. Koma kulakwako sikufufutika, kumaunjikana: pofika lebulo ya nambala 100, golide wasuntha sentimita yathunthu. Munthu amaona vuto litakula kale, ndipo akakonza ndi dzanja amapyola.

Apa m'pamene kabokosi kakuda kaja kamalowa. A ntchitoyi amakatcha eye mark. Kamasindikizidwa pamodzi ndi chithunzi, kotero pulasitiki ikatamuka, nako kamasuntha nayo limodzi. Pa makina amakono pali sensa yowala imene imadikira kabokosiko. Ikakaona, kompyuta ya makina imayerekeza pamene kali ndi pamene kamayenera kukhala, n'kuuza mota kuti ikoke pang'ono kapena ichepetse. Izi zimachitika pa lebulo iliyonse, ndiye kulakwa kwa lebulo yoyamba sikufika pa yachiwiri. Sensa ina imayang'ana m'mphepete mwa mpukutu kuti usapatukire kumanzere kapena kumanja, ndipo pali chogudubuza china chimene chimasunga kukoka kuti kusasinthe. Makina akuluakulu, monga a kampani ya Bobst ya ku Switzerland, amawonjezera makamera. Koma mtima wake ndi womwewo umene tinaphunzira m'kalasi ya control systems: yesa, yerekeza, konza, yesanso. Ndinakhoza mayeso a phunzirolo ndi malikisi abwino, koma sindinalizindikire nditaimirira pafupi nalo.

Mwa malebulo 1,000 tinasankha osafika theka. Ena okhota pang'ono tinawamatabe, poti ndalama zinali zitapita. Mwini shopu wina pa boma anatenga timatumba tiwiri, natiika pamodzi, nati, "Mayi, izi anthu aziti n'zachinyengo. Onani, apa dzina lili pamwamba, apa lili pansi." Sanalawe n'komwe.

Mawu amenewo anandipweteka, koma bamboyo sananame. Kumudzi timakhulupirira chonyezimira. Agogo akalandira K5,000, imene Reserve Bank of Malawi inatulutsa mu 2022, amaipendeketsa padzuwa kuti aone ngati ikung'anima. Komatu foil aliyense angagule. Chimene wachinyengo amalephera ndi kuika chonyezimiracho pamalo amodzimodzi, kambirimbiri, osaphonya. Wogula sadziwa za sensa, koma diso lake limadziwa kuti zinthu ziwiri zochokera m'nyumba imodzi zimafanana. Ife katundu wathu anali weniweni, koma anavala nkhope ya wakuba.

Anzanga ena pa kampasi, tikamakamba za makina odziyendetsa okha, amathamangira kunena kuti alanda anthu ntchito. Pa nkhani iyi sindikuvomereza. Bambo aja sensa singawachotse. Ndi iwo amene amadziwa kutentha koyenera pongomva fungo la foil, ndi iwo amadziwa kuti chidindo chadinda mopyola. Chimene akusowa ndi diso lachiwiri losatopa. Ndipo chimene chimandinyansa n'chakuti diso limenelo si lodula ngati makina atsopano. Sensa yowerenga kabokosi, Arduino, ndi mota ya stepper pa chogudubuza chokoka, ndi zinthu zimene timaseweretsa mu labu. Chaka ndi chaka timapanga mapulojekiti a nyumba zoyatsa magetsi ndi foni, zomwe palibe watipempha, pamene makina akale ali mbwee m'makampani aang'ono a ku Limbe ndi ku Lilongwe akutaya mapepala a anthu.

Ndalembera aphunzitsi anga kuti pulojekiti yanga ya chaka chomaliza ikhale imeneyi, ndipo bambo aja avomera kuti ndizikayesera pa makina awo Loweruka. Ngongole ya gulu ndikubweza pang'onopang'ono kuchokera pa ndalama ya upkeep.

Malebulo otsalawo amayi sanataye. Nditapita pa holide ndinapeza atawamata pa zigubu za mchere, pa chitseko cha khola la nkhuku, ena pa makope a adzukulu. Ndinawafunsa chifukwa chake. Anati, "Nanga si tinalipira, ababa? Nkhuku sizidziwa kuti dzina lakhota."